Ma First Class ndi ma Distinction achuluka: ophunzira achenjera kapena magiredi atchipa?

Mlembantchito:
Anzanga a pa gulu, ndili ndi dandaulo, ndipo ndikufuna amene amadziwa za mkati mwa mayunivesite andithandize. Ntchito yanga ndi yosankha anthu oti tiwaitane ku intavyu. Kale ukaona kalata ya munthu wa First Class kapena Distinction unkaiika padera nthawi yomweyo, chifukwa otere ankapezeka mwa apo ndi apo. Masiku ano makalata otere ndi mbwee. Koma ukawaitana eni ake, kusiyana kwawo kumadabwitsa. Wina amayankha mozama, wina amalephera kufotokoza pulojekiti imene akuti analemba yekha chaka chomaliza. Kodi ulemu umenewu amaupereka motsatira chiyani? Nanga ana a masiku ano ndi anzerudi kuposa akale, kapena magiredi ndiwo atchipa?

Chitsulo_K:
Atchipa basi. Palibenso chokambirana apa.

Lekichala_Wopuma:
A Chitsulo, musatseke nkhani isanayambe. A Mlembantchito, ndiyambe ndi funso lanu loyamba, la kaperekedwe ka ulemuwo. Njira zikuluzikulu ndi ziwiri.

Yoyamba ndi yoika malire a malikisi: aliyense wofika pamenepo walowa. Ku Britain First Class imayambira pa 70, Upper Second pa 60, Lower Second pa 50, Third pa 40. Ku Nigeria mayunivesite ambiri amawerengera pa 5, ndipo First Class imayambira pa 4.50. Ku France amachonga pa 20, ndipo ulemu wapamwamba umayambira pa 16. Mwa njira imeneyi, kalasi yonse itafika pa malirewo, kalasi yonse ilandira ulemu, palibe woletsa.

Yachiwiri ndi yosanja ophunzira kuyambira woyamba mpaka womaliza, kenako n'kudula. Ku yunivesite ya Yale, ku America, ulemu wapamwamba kwambiri wotchedwa summa cum laude umapita kwa 5 okha pa 100 alionse, magna cum laude kwa 10 otsatira, cum laude kwa 15 otsatira. Onse pamodzi sapitirira 30, kaya chaka chimenecho kalasi inali ya akatswiri okhaokha.

Choncho mapepala awiri olembedwa mawu ofanana atha kunena zinthu zosiyana kwambiri. Lina likuti "uyu anafika pa malikisi akutiakuti", lina likuti "uyu anaposa anzake ambiri". Musanakhulupirire mawuwo, dziwani kaye njira imene yunivesiteyo imatsata.

Mlembantchito:
Zikomo bambo. Ndiye kuti vuto lili pa njira yoyambayo?

Lekichala_Wopuma:
Pa njira yoyamba kufufuma kwa magiredi kumaonekera poyera, chifukwa olandira ulemu amachuluka. Pa yachiwiri kumabisala. Chiwerengero sichisintha, koma ana amapanikizana pamwamba moti wa summa ndi wa magna amasiyana ndi kadontho kochepa, mwina B+ imodzi ya chaka choyamba.

Wowerenga_Usiku:
Ndiponyepo manambala kuti tisamangolankhula za m'mutu. Mu 2001 nyuzipepala ya Boston Globe inaulula kuti ophunzira 91 pa 100 alionse otsiriza ku yunivesite ya Harvard, ku America, chaka chimenecho analandira ulemu. Zinachititsa manyazi, moti yunivesiteyo inaika lamulo loti olandira ulemu asapitirire 60 pa 100. Koma magiredi enieniwo sanaime. Mu 2013 mkulu wina wa kumeneko anavomera pamsonkhano wa aphunzitsi kuti giredi yoperekedwa kawirikawiri kuposa zonse ndi A. Lipoti la yunivesite yomweyo la mu 2025 linati ma A anali atapitirira 60 pa magiredi 100 alionse, pomwe mu 2005 anali cha m'ma 25.

Si Harvard yokha ayi. Stuart Rojstaczer ndi Christopher Healy anasonkhanitsa magiredi a mayunivesite ambiri a ku America ndipo anapeza kuti mu 1960 ma A anali pafupifupi 15 pa 100, koma cha m'ma 2008 anali atafika 43. Ku England, bungwe loyang'anira mayunivesite la Office for Students linapeza kuti olandira First Class anali pafupifupi 16 pa 100 mu 2010-11, koma mu 2020-21 anafika pafupifupi 38.

Chitsulo_K:
Mwamva? Zaka khumi zokha chiwerengero chaposa kawiri. Bongo wa munthu sukula mwachangu chotere.

Tadala_2023:
Ndawerenga zonsezi ndipo zikundipweteka. Ine ndinatsiriza posachedwa ndi ulemu wapamwamba, ndipo palibe anandipatsa mwachifundo. Ndinkagona mochedwa, ndinkakana macheza, tchuthi ndinkachithera mu laibulale. Lero mukuti pepala langa ndi lotchipa chifukwa anzanga ambiri anakhozanso? Akuluakulu inu simuona kuti kaphunzitsidwe kasintha. Ife timauzidwa pachiyambi pa semesita zomwe wochonga akufuna, timaona mapepala a mayeso akale, phunziro likatisokoneza timakalimva kwa mphunzitsi wina pa YouTube mpaka litalowa. Inu munkalimbirana buku limodzi anthu kalasi yonse. Ngati ife tikukhoza kuposa inu, chodabwitsa n'chiyani?

NaBanda_Mayi:
Mwana wanga Tadala, palibe akunyoza thukuta lako. Koma taganiza: ngati unalimbikiradi chonchi, ndiwe woyamba kulakwiridwa pamene wina amene sanalimbikire watuluka ndi pepala lofanana ndi lako. Dandaulo la a Mlembantchito likuteteza anthu ngati iwe.

Tadala_2023:
Ndamva mayi. Koma mfundo yanga yoti kaphunzitsidwe kapita patsogolo sinayankhidwe.

Wowerenga_Usiku:
Ndiyankheko, achemwali. Mbali ina mukunena zoona. A Office for Students aja anayesa kuchotsapo zinthu zodziwika, monga momwe ana anakhozera asanalowe ku yunivesite ndi kosi imene anatenga. Anapezabe kuti oposa theka la ma First Class a mu 2020-21 sakufotokozeka ndi zinthu zimenezo. Koma "sakufotokozeka" sizikutanthauza kuti ndi achinyengo; kaphunzitsidwe kabwino katha kukhala mbali ya yankho, kungoti sanathe kukayeza.

Chimene chimandikayikitsa ndi kafukufuku wa Philip Babcock ndi Mindy Marks. Iwo anapeza kuti mu 1961 wophunzira wa ku America ankathera maola pafupifupi 40 pa sabata m'kalasi ndi powerenga, koma pofika 2003 anali pafupifupi 27. Maola akutsika, magiredi akukwera. Ndipo 2003 YouTube kunalibe.

Mjomba_Fiziki:
Maola okha si umboni. Kale munthu ankataya tsiku lathunthu kufunafuna nkhani imodzi m'mashelefu, ndi kulemba lipoti pamanja kenako n'kulitayipa. Kompyuta inachepetsa zimenezo. Koma ndikuvomera kuti sizingafotokoze kudumpha konseko.

Aphunzitsi_a_Kontrakiti:
Ndilankhule monga munthu amene akuchonga mayeso pakali pano. Anthu akunja amaganiza kuti pali tsiku limene akuluakulu amatiitana n'kutiuza kuti tiwonjezere malikisi. Sizichitika choncho. Zimabwera pang'onopang'ono, ndipo sitepe iliyonse imaoneka yomveka payokha.

Kumapeto kwa semesita ophunzira amadzaza mafomu ounika mphunzitsi. Kwa ife a makontrakiti afupiafupi, mafomu amenewo amawerengedwa posankha woti abwerere. Aliyense amadziwa kuti kalasi imene ikuyembekeza ma C sikulembera zabwino. Chachiwiri, ukalepheretsa ana ambiri umayenera kulemba lipoti, kukonza mayeso obwereza, kuwachonganso, kuyankha madandaulo. Ukakhozetsa onse palibe amene amakufunsa kanthu. Ndinaonapo mnzanga ataitanidwa ku ofesi chifukwa ana ambiri analephera kosi yake, koma sindinamvepo woitanidwa chifukwa anapereka ma A ochuluka. Chachitatu, kosi imene ikudziwika kuti ndi yowuma ana amaithawa, ndipo dipatimenti ya ana ochepa imalandira ndalama zochepa ndi aphunzitsi ochepa.

Munthu wachilungamo amene ali ndi banja loti adyetse, mukuganiza kuti apirira zaka zingati akuchonga mowuma yekhayekha?

Chitsulo_K:
Ndiye mukuvomera kuti mumagulitsa magiredi.

Aphunzitsi_a_Kontrakiti:
Ayi achimwene, kugulitsa magiredi ndi mlandu, ndipo wochita zimenezo achotsedwe ntchito. Ine ndikunena za dongosolo limene limalanga wochonga mosamala n'kumusiya wochonga mofewa. N'zosiyana, ndipo mankhwala akenso ndi osiyana.

Lekichala_Wopuma:
Ndiwonjezere chimodzi chimene ambiri sachidziwa. Ulemu utha kuchuluka popanda mphunzitsi aliyense kusintha kachongedwe kake. Zimangotengera malamulo ophatikizira malikisi. Yunivesite ikanena kuti kosi imene wophunzira analakwitsitsa isawerengedwe, avereji imakwera. Ikanena kuti chaka choyamba chisawerengedwe, imakweranso. Ikanena kuti wopeza 68 kapena 69 akwezedwe ngati makosi ake ambiri a chaka chomaliza ali pa 70, ma First Class amachuluka. Ena amawerengera m'njira ziwiri n'kupatsa wophunzira yomwe yamukomera. Lililonse mwa malamulo amenewa lili ndi chifukwa chake chomveka, koma mukawasanjikiza onse, mwana yemweyo wa malikisi omwewo amene kale akanatuluka ndi Upper Second lero akutuluka ndi First.

Nthawi ya Covid-19 mu 2020, mayunivesite ambiri a ku Britain anaika lamulo loti mayeso olembedwa m'nyengo ya mliriwo asatsitse avereji ya wophunzira, angoikweza ngati wakhoza bwino. Chinali chifundo choyenera pa nthawiyo, koma n'chimodzi mwa zimene zinakankhira chiwerengero chija ku 38. Mu 2022 mayunivesite a ku England analonjeza okha kuti abwerera pa mlingo wa mliri usanabwere.

Gogo_Chalo:
Nkhani ya fizi musaiiwale. Ku England fizi inakwera kufika mapaundi 9,000 pa chaka mu 2012, ndipo zaka zotsatira ndi zomwe ma First Class anathamanga. Munthu wolowa ngongole yaikulu chonchi amadziona ngati kasitomala, ndipo yunivesite imayamba kumuopa.

Mjomba_Fiziki:
Agogo, zinthu ziwiri kuchitika nthawi imodzi sizisonyeza kuti china chabereka chinzake. Ku America kukwera koyamba kwakukulu kunachitika m'ma 1960, nthawi ya nkhondo ya ku Vietnam. Mnyamata wochotsedwa ku koleji kapena wokhoza mofooka ankatha kutengedwa kupita ku nkhondo, ndiye aphunzitsi ena sankafuna kuti cholembera chawo chitumize mwana wa munthu ku imfa. Pamenepo fizi sinali nkhani. Nyengo iliyonse ili ndi chifukwa chake, koma chodetsa nkhawa n'chakuti chifukwacho chikatha, magiredi sabwerera pomwe anali. Nkhondo itatha anatsikako pang'ono, kenako m'ma 1980 anayambanso kukwera.

Dalitso_IT:
Inu nonse mukukamba za dzulo. Lero pulogalamu ya pa kompyuta ya ChatGPT ikulemba asainimenti yonse m'mphindi zochepa. Ngati theka la malikisi likuchokera ku ntchito yokalembera kunyumba, ma A achuluka kuposa apa.

Tadala_2023:
Ndipo ntchito za m'magulu nazo. Anthu awiri amagwira, asanu ndi mmodzi amangolemba mayina, giredi imodzi kwa onse. Izi ndiye zinkandikwiyitsa kuposa chilichonse.

Dalitso_IT:
Mapulogalamu ogwira zolembedwa ndi makina nawonso ndi osadalirika, amatha kunamizira wosalakwa. Njira yokha ndi kubwerera ku mayeso a m'chipinda ndi kufunsa wophunzira pamaso.

Aphunzitsi_a_Kontrakiti:
Kufunsa pamaso kalasi ya anthu mazana? Mphunzitsi mmodzi? Mundiuze tsiku lake.

Woyang'anira_Gulu:
Abale, nkhani ya ChatGPT itsegulireni mutu wakewake, ndi yaikulu. Pano tibwerere pa funso la a Mlembantchito: ulemu wa pa digiri ukunenabe zoona kapena ayi, ndipo chingachitike n'chiyani.

Chitsulo_K:
Yankho ndi losavuta. Aike lamulo: ma A asapitirire chiwerengero chakutichakuti pa kalasi. Zatha.

Wowerenga_Usiku:
Zinayesedwapo, a Chitsulo. Yunivesite ya Princeton ku America mu 2004 inanena kuti dipatimenti iliyonse iyesetse kuti magiredi a mtundu wa A asapitirire 35 pa 100. Magiredi anatsikadi. Koma ophunzira anadandaula kwambiri kuti akupikisana pa ntchito ndi pa malo a maphunziro apamwamba ndi anzawo a m'mayunivesite ena amene sanachite zimenezo. Komiti imene inaunika lamulolo inapezanso kuti anthu ankalimva ngati malire okhwima a kalasi iliyonse, ndipo linkawonjezera nkhawa. Mu 2014 analichotsa.

Koleji ya Wellesley nayo mu 2004 inalamula kuti avereji ya makosi a zaka zoyambirira isapitirire B+. Akatswiri a zachuma a pa koleji yomweyo atafufuza anapeza kuti m'madipatimenti amene anakhudzidwa, ophunzira osankha maphunzirowo anachepa, ndipo mafomu ounika aphunzitsi anatsika. Izi zikutsimikiza zimene Aphunzitsi_a_Kontrakiti anena pamwambapa. Pambuyo pake lamulolo analisiyanso.

Vuto ndi loti amene wayamba yekha kukonza amalanga ana ake okha.

NaBanda_Mayi:
Ine lamulo loika malire pa chiwerengero cha ma A ndilikana pa chifukwa china. Ngati m'kalasi muli ana khumi amene amvetsadi phunziro lonse, koma lamulo likuti ma A ndi atatu okha, asanu ndi awiriwo alakwa chiyani? Komanso mumapha mtima wothandizana. Mwana adzabisira mnzake manotsi podziwa kuti kukwera kwa mnzakeyo ndi kutsika kwa iye. Dokotala kapena injiniya amene anaphunzira kubisira anzake sindikumufuna.

Mjomba_Fiziki:
Mayi mwanena zoona, koma njira ya malire a malikisi nayo ili ndi kupanda chilungamo kwake kumene sitinakambe. Pa yunivesite imodzi yomweyo, kachongedwe kamasiyana kwambiri pakati pa madipatimenti. Ku Yale, katswiri wa zachuma Ray Fair anasonyeza mu 2023 kuti pafupifupi magiredi 79 pa 100 anali A kapena A-, koma masamu, kemisitiri ndi ekonomiki anali pansi kwambiri poyerekeza ndi maphunziro ena. Ngati ulemu uperekedwa poyang'ana avereji ya yunivesite yonse, mwana wolimba mtima amene wasankha kosi yowuma akulangidwa chifukwa cha kulimba mtima kwakeko. Ndipo ana amadziwa. Wofuna kuteteza avereji yake amazemba kosi iliyonse imene ingamupatse B, ngakhale ili imene ikanamutsegula maso.

Tadala_2023:
Apa sinditsutsa. Anzanga ambiri ankafunsa kaye kuti "amachonga bwanji?" asanafunse kuti "amaphunzitsa chiyani?"

Dalitso_IT:
Bwanji osangolemba pa transikiripiti giredi ya wophunzira, pambali pake giredi ya pakatikati ya kalasi yonse? Wowerenga aona yekha kuti A uyu wachokera m'kalasi imene aliyense anapeza A.

Wowerenga_Usiku:
Koleji ya Dartmouth ku America yakhala ikuchita zimenezo kuyambira mu 1994. Yunivesite ya Cornell inapitirira apo, inayamba kuika magiredi a pakatikati a kosi iliyonse pa intaneti chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Chotsatira chake, ofufuza anapeza kuti ophunzira ankagwiritsa ntchito mndandandawo posaka makosi ofewa, ndipo mu 2011 anasiya kuuika poyera. Pa transikiripiti zimathandiza wolemba ntchito, koma sizinaimitse kukwera kwa magiredi.

Gogo_Chalo:
Ndiye palibe mankhwala? Tingosiya?

Lekichala_Wopuma:
Ayi agogo. Koma tiyambe tavomereza amene akupwetekeka, chifukwa ambiri amaganiza kuti magiredi akakwera aliyense wapindula. Giredi ili ngati sikelo ya pa malonda: ikayamba kusonyeza kulemera kumodzi pa thumba lililonse, wogula amasiya kuyang'ana sikelo n'kuyamba kuyang'ana nkhope ya wogulitsa. Wolemba ntchito akaona kuti First Class siikusiyanitsanso anthu, amagwira zina: dzina la yunivesite, kalankhulidwe, amene wakulembera kalata yokuchitira umboni, kumene unakagwirako ntchito yosalipidwa pa tchuthi. Zonsezo zimakomera mwana wa banja lopeza bwino ndi lodziwana ndi anthu. Mwana wosauka wa pa yunivesite yosatchuka anali ndi chida chimodzi chokha chodzionetsera, pepala lonena kuti anaposa anzake. Pepalalo likatchipa, wotayidwa ndi iyeyo. Wa ku Harvard sadandaula, dzina limamunyamula.

N'chifukwa chake ine sindiona kuchonga mofewa ngati chifundo. Palinso wophunzira wofooka amene wapatsidwa B pa ntchito yosakwanira. Wamanidwa uthenga umene ukanamuthandiza kudzikonza akadali pa sukulu, ndipo akaumva koyamba kwa bwana womuchotsa ntchito.

NaBanda_Mayi:
Mwandifika pamtima bambo. Koma musaiwalenso kuti kale kunali aphunzitsi ena onyadira kulepheretsa ana, oti tsiku loyamba lomwe ankalengeza kuti m'kalasi mwawo palibe adzapeze A. Amenewo sanali kuteteza maphunziro, inali nkhanza. Sindikufuna tibwerere kumeneko.

Lekichala_Wopuma:
Otere ndinagwira nawo ntchito, mayi, ndipo sindiwaikira kumbuyo. Wopereka C kwa aliyense ndi wopereka A kwa aliyense onse athawa ntchito imodzi, yowerenga pepala la mwana mofatsa n'kunena zoona za pepalalo.

Mlembantchito:
Ndaphunzira zambiri. Kuyambira tsopano ndizipempha transikiripiti yonse, osangodalira mawu a pa satifiketi, ndipo aliyense azilemba kantchito kochepa tsiku la intavyu. Koma ndikuonanso kuti zimenezi n'zotheka pamene ofunsira ndi ochepa. Akakhala mazana, umayenera kusefa ndi china chake, ndipo makampani ambiri ku Britain amangodula pa Upper Second. Ife olemba ntchito tili ndi mbali yathu pa vutoli, chifukwa tikanena kuti wa Lower Second sitimuyang'ana n'komwe, mphunzitsi amene wagwira pepala la 58 amadziwa kuti malikisi awiri atsekera mwanayo zitseko zonse.

Aphunzitsi_a_Kontrakiti:
Eyatu. Pamsonkhano wovomereza zotsatira, nthawi yambiri imathera pa ana a m'malire omwewo, a 58, 59, 68, 69. Wa 69 ndi wa 70 sasiyana nzeru, koma satifiketi imawasiyanitsa moyo wonse, pomwe wa 70 ndi wa 85 imawatcha dzina limodzi. Komiti ya Burgess ku Britain inanena mu 2007 kuti njira yogawa madigiri m'magulu ochepa chonchi yatha ntchito, ndipo inapempha kuti pakhale lipoti latsatanetsatane la zonse zimene wophunzira anachita. Lipotilo linakhazikitsidwa, mayunivesite ena amalipereka, koma magulu aja akadalipo chifukwa olemba ntchito amafuna mawu amodzi osefera.

Tadala_2023:
Funso kwa aphunzitsi nonse awiri. Tinkamva kuti mapepala athu amaonedwanso ndi wochonga wochokera ku yunivesite ina. Ngati alipodi, bwanji sakuletsa zonsezi?

Lekichala_Wopuma:
Alipodi m'mayiko ambiri amene anatengera dongosolo la ku Britain, ndipo ntchitoyo ndinaigwirapo. Koma amaona mapepala ochepa osankhidwa, m'masiku ochepa, ndipo funso limene amayankha ndi loti kachongedwe kano kakufanana ndi ka kwawo kapena ayi. Ngati kwawoko magiredi akweranso, aona kuti zonse zili bwino n'kusaina. Komanso malamulo ophatikizira malikisi aja kawirikawiri sali m'manja mwake, amakhazikitsidwa ndi seneti ya yunivesite. Chimene ndikadakonda n'choti ochonga a phunziro limodzi ochokera m'mayunivesite osiyanasiyana azikumana, achonge mapepala omwewo aliyense payekha, kuphatikizapo a zaka zakale amene anasungidwa, kenako ayerekeze. Pamenepo m'pamene funso la a Mlembantchito lingayankhidwe ndi umboni, ngati 70 ya lero ili 70 ya kale.

Mjomba_Fiziki:
Mapepala akalewo mayunivesite amasunga zaka zingati? Kumene ndinkaphunzitsa ankawawononga pakangopita nthawi ya madandaulo. Aphunzitsi_a_Kontrakiti, kwanuko zili bwanji?